Ndinayendetsa ndege zaka khumi, koma boti la bambo anga silinabwerere

Mwezi wathawu kunabwera mayi ena kunyumba kwanga kuno ku Mangochi, atatsagana ndi mnyamata wawo amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, makamaka masamu ndi sayansi. Anali atamva pamsika kuti ine ndinkayendetsa ndege, ndiye anabwera kudzafunsa ngati nʼkwanzeru kugulitsa malo awo a mʼmbali mwa nyanja, amene anthu ofuna kumanga malo ogona alendo akhala akuwanyengerera, kuti mwanayo akaphunzire ntchitoyi ku Joni. Tsikulo ndinawayankha mothamanga chifukwa galimoto ya nsomba inali itadzaza kale ndipo ayezi anali akusungunuka, koma nkhaniyo yakhala ikundisowetsa tulo, pakuti malangizo amene ndinalephera kuwapatsa ndi omwewo amene ine ndinasowa wondipatsa mu 2007.

Kwathu ndi mʼmbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, kufupi ndi bwalo la ndege la pa Makokola. Tili ana tinkasiya mpira nʼkuthamangira kumeneko tikangomva kulira kwa ndege, ndipo chimene chinkandikopa ine sichinali ndegeyo kwenikweni ayi, koma munthu amene ankatsikamo atavala malaya oyera okhala ndi mizere yagolide pamapewa, aliyense nʼkumamupatsa ulemu. Bambo anga anali ndi ukonde wa chilimira, boti lamatabwa ndi injini ya Yamaha, ndipo ankalemba alovi, asodzi ogwirira ntchito mwini zida, pafupifupi khumi. Sitinali olemera, koma kunyumba ndiwo sizinkasowa ndipo fizi inkalipiridwa pa nthawi yake.

Tsiku limene anagulitsa zonsezi ndimalikumbukira ngati dzulo. Wogula anachokera ku Msaka, ndalama atazinyamula mʼjumbo yakuda, ndipo popeza nthawi imeneyo ndalama yapepala yaikulu inali ya K500, kuwerenga kunatenga pafupifupi masana onse pansi pa mtengo pa doko, alovi atakhala chapatali akuyangʼana ntchito yawo ikupita. Atamaliza, bambo anapukuta injini ija ndi nsalu, ngakhale kuti sinalinso yawo, kenaka anatembenukira kwa ine nʼkunena kuti, “Mwanangu, chambo chikutha mʼnyanjamu, chuma changa tsopano ndi iweyo. Ukadzayamba kulandira udzandigulira injini ziwiri.” Ine ndinayankha kuti, “Musadandaule ababa, zaka ziwiri sizitha.” Sindinkanama, ndinkakhulupiriradi zimenezo, chifukwa aliyense amene tinamufunsa ankatiuza za malipiro a kaputeni wa ndege zikuluzikulu, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anatiuza kuti pakati pa sukulu ndi mpando wa kaputeniyo pali zaka zingati komanso ngongole zingati.

Ku South Africa, laisensi yoti munthu aziyendetsa ndege molipidwa, imene imatchedwa CPL, imafuna maola 200 a mumlengalenga, ndipo ola lililonse wophunzira amalipirira ndege, mafuta ndi mphunzitsi. Ndalama za boti zinatha ndisanafike kumapeto, moti atsibweni anga amene ankagwira ntchito mʼshopu ku Johannesburg, monga amachitira amuna ambiri a kwathu kuno, anakatenga ngongole ya marandi mʼdzina lawo kuti ndimalize. Ndinalandira laisensi mu 2009, chuma cha dziko lonse chitagwa chaka chapitacho ndipo makampani a ndege akuchotsa anthu mʼmalo molemba. Apa mʼpamene ndinazindikira kuti maola 200 ndi chiphaso chongokulola kuima pa mzere. Laisensi yaikulu ya ATPL, imene kaputeni wa ndege za makampani amayenera kukhala nayo, imafuna maola 1,500, ndipo makampani ambiri safuna nʼkomwe kuwerenga kalata ya munthu amene maola ake ali kutali ndi pamenepo.

Ndinachita zimene achinyamata ambiri a maola ochepa amachita: ndinapita ku Maun mʼdziko la Botswana, kumene ndege zingʼonozingʼono zimanyamula alendo kupita nawo kumisasa ya ku Okavango. Ndinagona mʼtenti miyezi isanu, mʼmawa uliwonse nʼkumazungulira maofesi pamodzi ndi anzanga ochokera ku Ulaya ndi ku Australia, tonse tikufuna mpando umodzi. Nditaupeza mu 2010, ndinkayendetsa Cessna 206, kunyamula ndekha zikwama za alendo, kuona mafuta komanso kutsuka mʼndege wina akasanza. Malipiro ankakwanira lendi ndi chakudya, kotsala pangʼono nʼkumatumiza kwa atsibweni. Za kumeneko sindidandaula kwambiri, chifukwa nʼkumene ndinaphunziradi kuyendetsa ndege.

Maso anga anali kumudzi, koma mu 2013 kampani ya Air Malawi inatsekedwa, ndipo kampani yatsopano imene boma linakhazikitsa mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, boma kukhala ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo anzathuwo 49, inayamba kuuluka mu Januwale 2014 ili ndi ndege ziwiri zokha. Ndege ziwiri sizifuna oyendetsa ambiri, komanso panali akuluakulu odziwa ntchito kuposa ine amene ankayenera kuganiziridwa poyamba. Mwana wa ku Malawi amene akuphunzira ntchitoyi adziwiretu kuti mipando ya kwathu ndi yowerengeka pa zala, ndipo mwachidziwikire moyo wake adzaudyera kunja.

Mwayi umene ndinauona ngati waukulu unabwera mu 2015, ku kampani ina ya mʼdziko lina la muno mu Africa, imene sindiitchula. Ankafuna othandizira kaputeni pa ndege ya ATR 72, yonyamula anthu pafupifupi 70. Mtundu uliwonse wa ndege yaikulu umafuna chilolezo chakechake chimene oyendetsa amachitcha type rating, ndipo kale makampani ndi amene ankalipira maphunziro amenewa. Ine anandiuza kuti ndikadzilipirire ndekha, madola oposa 20,000, kenaka ndibwere nacho chilolezocho mʼmanja. Ndinatenganso ngongole ina yoyamba ija isanathe. Kontirakiti itafika ndinaiwerenga ngati munthu wanjala amene wapatsidwa mbale, maso ali pa nambala ya malipiro basi, ndipo zina zonse ndinadzaziona pambuyo pake.

Dzina limene linali pamwamba pa kontirakitiyo silinali la kampani ya ndege ija, koma la ejenti wina wolembetsedwa kudziko lachitatu limene sindinapondeko phazi. Mʼmapepala ine sindinali wantchito, ndinali munthu wodziyimira payekha amene akugulitsa luso lake, ngakhale kuti yunifolomu, ndandanda ya ntchito ndi malamulo onse zinkachokera ku kampaniyo. Malipiro ankawerengedwa pa ola, kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo pake kufikira pamene yaima kumene ikupita. Panalibe penshoni, panalibe malipiro a masiku odwala, ndipo kupimidwa kwa dokotala kwa chaka ndi chaka ndinkalipira ndekha. Chinanso, ngakhale type rating ndinalipira ine, anandimanga ndi bondi ya zaka zitatu ponena kuti awononga ndalama pondizoloweretsa njira zawo, moti ndikanachoka msanga ndikanawalipira. Anzanga ena ochokera ku Ulaya anali pa moto woposa wanga, chifukwa iwo analipira kuti aloledwe kukhala pa mpando wa kumanja, wa wothandizira kaputeni, maola awo oyamba, kutanthauza kuti ankanyamula anthu olipira matikiti pamene iwonso akulipira kuti agwire ntchito.

Amene anakulira kunyanja amvetsa msanga. Mlovi salandira za pamwezi. Nsomba zikagulitsidwa, mwini zida amayamba wachotsa za mafuta, zotsalazo nʼkugawana, ndipo mwera ukawomba sabata yathunthu mlovi amabwerera kunyumba chimanjamanja. Koma mlovi sagula chilimira, sagula injini, ndipo boti likaphwanyika ngongole si yake. Ine zida ndinagula ndekha ndi ndalama za boti la bambo anga, komabe ndinkalipidwa ngati mlovi. Mʼzaka zimene ndakhala mu ntchitoyi, kusintha kwakukulu kumene ndakuona ndi kumeneku, kuti katundu amene kale ankasenza kampani, monga maphunziro, matenda, ukalamba ndi nyengo yosowa makasitomala, watulidwa pamutu pa woyendetsa ndege.

Zimenezi zili ndi gwero lake. Mu 1978 dziko la America linasiya kulamulira mitengo ya matikiti ndi njira za ndege, mayiko a ku Ulaya anatsatira mʼzaka za mʼma 1990, ndipo kunabadwa makampani opikisana pa kutchipa kwa tikiti. Mtengo wa mafuta kampani singauchepetse, lendi ya ndege ndi zipangizo zosinthira zimalipiridwa mʼmadola, choncho pofewa pokanikiza ndi pa antchito. Nthawi yomweyo sukulu zikutulutsa achinyamata a maola 200 chaka chilichonse, zikuwauza kuti dziko likusowa oyendetsa ndege, pamene amene akusowadi ndi makaputeni a maola masauzande ambiri. Pali chinthu chinanso chimene chimamanga munthu miyendo: mʼmakampani ambiri kukwezedwa, tchuthi ndi malipiro zimatsata tsiku limene unalowa, ndiye ukachoka kupita kwina umakayambira pansi pa mndandanda ngakhale uli ndi imvi. Nʼchifukwa chake anthu amapirira malipiro akadulidwa. Kaputeni Chesley Sullenberger, amene anatereza ndege pa mtsinje wa Hudson ku New York mu Januwale 2009 anthu onse 155 nʼkupulumuka, anauza aphungu a nyumba ya malamulo ya dziko lake mwezi wotsatira kuti malipiro ake anali atadulidwa ndi magawo 40 pa 100 alionse ndipo penshoni yake inali itathetsedwa. Ndinamva nkhani imeneyi ndili kusukulu, koma ndinaitenga ngati ya azungu, yosandikhudza.

Tsiku lantchito linkayamba ndi alamu ya 3:30 mʼbandakucha. Pofika 5 koloko ndimakhala ndili pabwalo, kuona za nyengo, kuwerengera mafuta ndi kulemera kwa katundu, kuzungulira ndege ndi tochi, zonsezi popanda kulipidwa. Tikapita maulendo anayi afupiafupi, pakati nʼkudikira galimoto ya mafuta kapena mvula maola awiri kapena atatu, ndinkafika kunyumba dzuwa litalowa nditagwira ntchito maola 12, koma mʼbuku la malipiro mutalembedwa asanu. Malamulo amaika malire, mwachitsanzo ku Ulaya munthu saloledwa kupitirira maola 900 a mumlengalenga pa chaka, koma malire amene anaikidwa kuti akhale mpanda, makampani ena anawasandutsa mlingo woti aliyense azifikapo.

Choipa kwambiri pa kulipidwa pa ola si umphawi ayi, koma zimene umayamba kuchita ndi thupi lako. Tsiku lina ndinadzuka ndi chimfine chachikulu, khutu lakumanzere litatsekeka. Lamulo ndi lomveka bwino, kuti woyendetsa ndege amene sakupeza bwino asakwere, koma mwezi umenewo maola anga anali ochepa, tsiku lobweza ngongole linali litayandikira, ndiponso tonse tinkadziwa kuti amene amadwaladwala dzina lake limayamba kusowa pa ndandanda. Ndinavala yunifolomu nʼkupita. Pa ulendo wachitatu, tikutsika, khutu lija linayamba kuwawa ngati wina akulowetsamo msomali, misozi ikutuluka yokha, ndipo woyangʼanira za mumlengalenga atatipatsa mtunda woti titsikire, ndinabwereza bwinobwino pa wailesi koma pa makina ndinatchera nambala ina, yotsika ndi mapazi 1,000. Kaputeni, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, analoza ndi chala pa nambalayo nʼkundiuza kuti ndiwerengenso, ndipo ndinakonza tisanafikepo. Titatera sanandikalipire. Anadikira kuti anthu onse atsike, kenaka anandifunsa kuti ngongole yanga yatsala zingati. Funso limenelo linandichititsa manyazi kuposa mmene kukalipa kukanachitira, chifukwa anali atadziwa chimene chinandikweza mʼndege tsikulo.

Usiku umenewo ndinakumbukira ngozi ya ndege ya Colgan Air imene inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku America pa 12 Febuluwale 2009 nʼkupha anthu 50. Inali ya mtundu wa Q400, umene timauonanso ukutera pa Chileka ndi pa Lumbadzi. Wothandizira kaputeni anali mtsikana wa zaka 24 amene ankalandira madola pafupifupi 16,000 pa chaka, ankakhala kwa makolo ake kufupi ndi Seattle, kutsidya lina la dzikolo, ndipo anayenda usiku wonse pa ndege zonyamula katundu kuti akafike kuntchito. Ofufuza anapeza kuti chimene chinagwetsa ndegeyo ndi mmene kaputeni anachitira chenjezo litalira loti liwiro lachepa, koma anatchulanso kutopa kwa onse awiri, ndipo pambuyo pake dzikolo linakhwimitsa malamulo a maola ndi a kupuma.

Kenaka kunabwera Covid-19. Kumapeto kwa Malichi 2020 ndinalandira kalata ya pa imelo ya mizere inayi yonena kuti ndege zaima ndipo adzandiitana zinthu zikadzasintha. Popanda maola panalibe malipiro, ndipo popeza sindinali wantchito, panalibenso ndalama ya chipukuta misozi. Za miyezi iwiri yomaliza sindinalandire mpaka lero, chifukwa kampani inati ndifunse ejenti, ejenti anasiya kuyankha, ndipo kukasuma kunafuna kuti ndikapeze loya kudziko lachitatu lija. Kuno kwathu ndege za kunja zinaimitsidwa pa 1 Epulo ndipo bwalo la Kamuzu linatsegulidwanso pa 1 Sepitembala, choncho ndinakhala miyezi isanu kudziko la eni ndikudya ndalama zimene ndinkasungira injini ya bambo. Mʼchigawo chathu chino makampani anagwa motsatizana: South African Airways inali kale mʼmanja mwa oipulumutsa ku ngongole kuyambira Disembala 2019, Air Namibia inatsekedwa mu 2021, Comair mu 2022, ndipo makaputeni odziwa ntchito anadzaza pamsika nʼkumavomera malipiro amene kale sakanawayangʼana nʼkomwe.

Ambiri sadziwa kuti laisensi ya ndege si ngati satifiketi ya uphunzitsi imene ungaisunge mʼsutikesi zaka khumi. Kuti unyamule anthu uyenera kukhala utanyamuka ndi kutera katatu mʼmasiku 90 apitawo, type rating imafuna kuyesedwanso mʼsimyuleta (makina oyeserera kuyendetsa ndege uli pansi), ndipo chikalata cha dokotala chimatha mphamvu. Ukakhala pa ntchito yeniyeni zimenezi amaona ndi kampani, koma ukakhala pakhomo zonse zimafuna madola ako ndi tikiti yopita kudziko limene kuli simyuletayo. Zanga zinatha mphamvu chimodzichimodzi ndikuona. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 alionse, dola nʼkufika pa K1,700 kuchoka pa pafupifupi K1,180, ngongole yanga yotsala inakula usiku umodzi pamene ine tsopano ndimapeza makwacha, ponyamula chambo ndi usipa kupita nazo ku Limbe. Bambo ali moyo, amasoka maukonde a anthu ena pa doko lomwe lija, ndipo nkhani ya injini sanaitchulepo ngakhale kamodzi.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti aliyense zimamuthera chonchi. Alipo Amalawi amene akuyendetsa ndege zikuluzikulu ndipo akukhala bwino, komanso mu 2023 oyendetsa ndege a kampani ya Delta ku America, kudzera mʼbungwe lawo la antchito, anapeza mgwirizano wokweza malipiro ndi magawo 34 pa 100 alionse mʼzaka zinayi. Koma ntchito za ku America zimafuna chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito mʼdzikolo, makampani a ku Dubai ndi ku Doha amafuna maola ambiri pa ndege zikuluzikulu, ndipo amene anapeza zabwinozo ndi amene ali ndi bungwe lamphamvu lowalankhulira, chinthu chimene munthu wolembedwa kudzera kwa ejenti sakhala nacho. Nambala zimene mwana amaona pa intaneti nthawi zambiri ndi za anthu amenewo.

Mayi aja atabweranso sabata yatha tinakhala pakhonde nthawi yaitali. Ndinawauza kuti, “Mayi, musanagulitse ngakhale phazi limodzi la malowo, mwanayu akapimidwe kaye kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege, apeze chikalata cha Class 1.” Vuto la maso losasiyanitsa mitundu, la mtima kapena la shuga likhoza kutseka njira yonse, ndipo ndinaonapo anthu akulizindikira atalipira kale sukulu. Ndinawauzanso kuti ndalama asadzapereke zonse pakamodzi kusukulu, koma azilipira pangʼonopangʼono motsata maola, chifukwa sukulu za ndege zimagwa ndipo ndalama za ophunzira zimapita nazo. Chimene ndinalimbikira kwambiri nʼchakuti mnyamatayo ayambe wapeza ntchito ina ya mʼmanja, kaya uinjiniya kaya za makompyuta, kenaka afufuze njira zimene wina amakulipirira maphunziro, monga usilikali wa mumlengalenga kapena makampani amene amaphunzitsa okha achinyamata nʼkuwalemba ntchito, ngakhale mipata yake ndi yochepa. Bajeti yawo inali ya CPL yokha, ndiye ndinawaonjezerapo type rating ndi chakudya cha zaka ziwiri kapena zitatu zofunafuna ntchito, ndipo mtengo wa malo aja unapezeka kuti sukufika.

Kwa mnyamatayo ndinatulutsa kontirakiti yanga yakale ija, imene ndimaisunga pamodzi ndi buku langa la maola, nʼkumuonetsa malo amene ine ndinawadumpha. Ndinamuuza kuti adzayambe waona dzina la amene akumulemba, ngati ndi mwini ndege kapena munthu wapakati, komanso dziko limene malamulo ake adzagwire ntchito pakadzabuka mkangano. Adzafunse ngati pali maola amene adzalipidwe ndithu mwezi uliwonse ngakhale ndege zisauluke, ndalama yake ndi ya dziko liti, simyuleta ndi dokotala adzalipira ndani, ndiponso ngati bondi imachepa chaka chikatha. Kuno kwathu lamulo la penshoni limati bwana aziika magawo 10 pa 100 alionse a malipiro ndipo wantchito 5, koma munthu amene papepala ndi wodziyimira payekha, lamulo lotere silimufika. Pali inshulansi ya woyendetsa ndege amene wataya laisensi chifukwa cha matenda, ndipo ine ndinaidziwa nditagwira kale ntchito zaka zisanu.

Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, koma maso ake anali pa buku la maola lija, akutsegula masamba nʼkumawerenga mayina a mabwalo a ndege chapansipansi. Mayi ake anandiuza kuti ogula malo awapatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo achimwene awo akuti mwayi wotere sudzabweranso. Chimene tinagwirizana nʼchakuti asasaine kalikonse kufikira zotsatira za kwa dokotala zitatuluka, ndipo Lachiwiri likubwerali mnyamatayo akwera nane galimoto ya nsomba mpaka ku Limbe kuti akafunse za kupimidwako.